Wailesi ya ovaova ikuthima ndikangodina kuti ndilankhule

Mlimi wa ku Santhe:
Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Kumunda kwathu netiweki ya foni timachita kuikwerera pachulu, ndiye alamu anga anandibweretsera wailesi ziwiri za ovaova kuchokera ku Joni, za Kenwood, za 50W. Ina ili kunyumba, inayo ndaika mu Hilux. Mnyamata amene anandiikira analumikiza mawaya poyatsira fodya paja, eriyo n'kuimanga pa kanopi ya faiba kumbuyoku. Kumva ndikumva ndithu, koma ndikangodina batani kuti ndiyankhe, imathima n'kuyakanso yokha. Fyuzi yapsa kawiri. Injini ikamalira mumamvekanso kaphokoso kakuti "wiii", kamene kamakwera ndikamaponda mafuta. Kodi alamuwa anandigulira yakufa?

Wa zamagetsi ku Biwi:
Ayi bambo, musawanamizire alamu. Wailesiyo ikusowa moto. Pomvera imadya pang'ono, koma ya 50W mukadina imakoka ma amp 10 kapena kuposerapo, ndipo timawaya ta poyatsira fodya n'tating'ono, tagawananso kale ndi zinthu zina. Kokani mawaya awiri okhuthala kuchokera kubatire. Fyuzi ikhale pafupi penipeni ndi batire, osati kuwailesi kokha, chifukwa waya akakhulika pachitsulo pakati panjira, choteteza galimoto kuti isapse ndi fyuzi ya kubatireyo. Polowetsa mawaya m'kati dutsitsani pabowo la labala, musawapanikize pachitseko. Ka "wiii" ako ndi olitaneta. Kawirikawiri kamachepa mukatenga moto kubatire, kakapitirira muikepo fyuluta yochotsa phokoso pamawaya a motowo.

Koma chimene chandidetsa nkhawa ndi eriyo. Eriyo yaifupi ija, ya pafupifupi theka la mita pa mafulikwense a VHF, imafuna chitsulo pansi pake kuti igwire ntchito. Pa faiba palibe. Mphamvu m'malo motuluka imabwerera m'wailesi n'kumaitenthetsa m'kati. Isamutsireni pakati pa denga la kutsogolo, mupale penti pang'ono kunsi kuti igunde chitsulo. Kenako wina akuyezereni ndi mita ya SWR, yoyeza mphamvu yobwerera m'wailesi ija: pansi pa 1.5 zili bwino, ikafika 3 musadinenso. Ndipo musayerekeze kudina eriyo ili yochotsa.

Dalaivala wakale:
Achimwene a ku Biwi anena zoona. Ine ndingochenjeza a malole amene akuwerenga. Canter imene ndinkayendetsa inali ya 24V, ya mabatire awiri. Wina anatapa 12V pa batire limodzi, miyezi ingapo batirelo linatheratu linzake lili bwinobwino. Gulani konveta yotsitsa 24V kukhala 12V basi.

Funso langa kwa inu a Santhe: matchanelo ali m'menemo anaika ndani? Ngati ndi omwe anabwera nawo ku Joni, kuno mwina ndi a eni ake ena. Mafulikwense amapereka ndi a MACRA, bungwe la boma loyang'anira za mawailesi ndi mafoni, ndipo pamafunika laisensi. Mungapezeke mukuitana aganyu a kufodya pa tchanelo ya kampani ya alonda.

Mlimi wa ku Santhe:
Zikomo nonse. Loweruka tinakoka mawaya kubatire, kuthima kuja kwatheratu. Kuboola denga mtima unakana, galimotoyi sindinamalize n'kulipira komwe, ndiye ndagula eriyo ya maginito n'kuikhazika pakati padenga. Dzulo ndili kudimba, kuseri kwa kaphiri, mayi a kunyumba anandimva bwinobwino mpaka kundituma mchere. Za MACRA sindinaziganizeko, adala. Ndifunsa ndikapita ku Lilongwe sabata yamawa. Mita ya SWR ndiye sindinaipeze. A ku Biwi, muli nayo pagalaja panupo?