Ndigulitse X-Trail ndigule Aqua? Thandizeni maganizo, petulo wandifika pakhosi

Akuluakulu a pagulu pano, moni nonse. Ndabwera ndi funso lomwe likundisowetsa tulo, ndipo ndikudziwa kuti muno muli amakaniko, oyendetsa mataxi ndi ena amene anadutsamo kale.

Ndimakhala ku Matawale, ntchito ndimagwira m'tauni mwa Zomba momwemu. Galimoto yanga ndi Nissan X-Trail yakale ya injini ya 2.0, ndipo sindingainamizire, ndi yolimba. Vuto ndi kamwedwe. M'tauni muno imayenda makilomita 8 kapena 9 pa lita imodzi. Kale ndinkapirira, koma chiyambire Novembala 2023, kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti, a MERA n'kukweza petulo kuchoka pa K1,746 kufika pa K2,530, zinthu zakhala zikuthina. Mu Okutobala 2025 tinamva za K3,499, ndipo za pambuyo pake mukuzidziwa nokha. Malipiro anga sanakwere chomwecho ayi.

Maulendo anga ndi awa: kusiya ana kusukulu, kuntchito, kumapeto a sabata zina ku Limbe kukaoda katundu wa kagolosale ka mayi a kunyumba, komanso mwa apo ndi apo kukaona mayi anga kumudzi, kudera la Chingale. Njira yolowera kwathuko ndi ya fumbi, ndipo nthawi ya mvula imakumbika kwambiri.

Mnzanga wina akundiuza kuti ndigulitse X-Trail ndigule Toyota Aqua. Wina akuti za hybrid, zoyendera petulo ndi magetsi ngati Aqua, ndizisiye, batire yake ikafa ndidzalira, bola ndigule Mira kapena Vitz. Mayi a kunyumba akuopa kuti tikagula kagalimoto kakang'ono, katundu wa golosale tizinyamulira pati. Inuyo mukadakhala ine mukadatani? Amene muli ndi Aqua, ndiuzeni zoona zake, zabwino ndi zoipa zomwe.

Mayi wa ku Sadzi:
Achimwene, ine ndili nayo Aqua ndipo sindidandaula. M'tauni muno imandipatsa makilomita opitirira 20 pa lita. Thanki yake ndi ya malita 36 okha, koma imandiyendetsa nthawi yaitali moti masiku amene mafuta amasowa aja, ndikapeza kamodzi ndinkaiwalako za mizere. Musaope za magetsi a ESCOM, iyi sichajidwa pakhoma, imadzichaja yokha ikamayenda. Chimodzi chokha ndisakubiseni: ndi yaifupi pansi. Mukadzaza anthu ndi katundu imakhula pa mahampu, ndiye za njira ya kumudzi kwanuko ganizani kawiri.

Makaniko wa pa Chinamwali:
Akulu, ndiloleni ndifotokoze pang'ono mmene imagwirira ntchito, chifukwa ambiri amaiopa kapena kuitamanda asakuidziwa.

Aqua ili ndi injini ya petulo ya 1.5, kuphatikiza mota ya magetsi ndi batire yaikulu yomwe imakhala pansi pa mpando wakumbuyo. Mukaima pa mzere kapena mukamayenda pang'onopang'ono, injini imazima yokha, mota n'kumakankha. Mukaponda mabuleki kapena mukamatsetsereka, mphamvu yomwe pa galimoto wamba imangotayika ngati kutentha kwa mabuleki, iyoyi imaibweza mu batire. N'chifukwa chake phindu lake lalikulu lili m'tauni, kumene mumaimaima: pa msika, pa depoti, pa geti ya sukulu. Pa msewu wa M3 wopita ku Blantyre, mukamathamanga mosalekeza, injini ndiyo imagwira ntchito yambiri, ndipo kusiyana kwake ndi Vitz kumachepa. Ilibe alternator, ilibe starter, ilibenso fan belt, ndiye zinthu zitatu zomwe zimavutitsa anthu ku garaja kwanga kulibeko. Ma brake pad nawonso amakhalitsa.

Tsopano za batire. Aqua zoyamba zinatuluka ku Japan kumapeto a 2011, choncho zambiri zomwe zikugulitsidwa kuno mabatire ake akalamba ndithu. Chomwe chimaipha msanga ndi kutentha. Pali kafani komwe kamakoka mpweya m'kati mwa galimoto n'kumauzira batire, ndipo kabowo kake kali m'munsi mwa mpando wakumbuyo. Fumbi lathuli, tsitsi, tizinyalala ta chimanga, zonse zimakathera mmenemo. Wina amatsekapo ndi thumba la ufa osadziwa. Kafaniko kakatsekeka, batire imawotcha, maselo amayamba kufooka mmodzimmodzi. Ndiye kwa inu amene mumapita kunjira ya fumbi, kutsuka kafaniko ndi gawo la service, musamadikire kuti nyali iyake.

Musagule osaiyika pa kompyuta. Woyeza akuonetseni mphamvu ya ma block (zigawo) onse a batire ngati akufanana. Ayezenso pampu ya mabuleki, chifukwa ikafa imadula kwambiri. Ndipo wina asakunamizeni kuti makaniko aliyense angaigwire. Mawaya a orenji aja ali ndi magetsi oti atha kupha munthu.

Mphunzitsi wa ku Domasi:
Ine ndibwera ndi masamu, chifukwa apa m'pamene anthu amapusitsika. Pa makilomita 100, X-Trail yanuyo ikumwa malita pafupifupi 11. Galimoto ya makilomita 20 pa lita imwa malita 5. Kusiyana kwake ndi malita 6. Ngati pamwezi mumayenda makilomita 1,000, mwapulumutsa malita 60. Titengere mtengo wa K3,500 kuti masamu aphweke, imeneyo ndi K210,000 pamwezi. Tiyerekeze kuti mutagulitsa yanuyo mukufunika kuwonjezera K5 miliyoni, ndiye kuti ndalamayo ibwerera patatha zaka pafupifupi ziwiri, ndipo petulo akakwera imabwerera msanga kuposa apo. Koma ngati mumangoyenda makilomita 400 pamwezi, phindu ndi K84,000 yokha, zaka zisanu zikudikirani, ndipo batire ikhoza kufuna ina nthawiyo isanakwane. Mukatenga ngongole ya kubanki kuti muwonjezere, chiwongoladzanja chitha kudya phindu lonselo. Choncho musanafunse kuti galimoto iti, dziwani kaye kuti pamwezi mumayenda mtunda wautali bwanji.

Wofunsa:
Aphunzitsi, zikomo kwambiri, apa mwanditsegula mutu. Ndikuganiza kuti ndimafika chakumeneko kwa 1,000 tikaphatikiza maulendo a ku Limbe. Nanga kamwedwe kenikeni ndingakayeze bwanji? Zomwe ndanena zija ndangotengera mmene geji imatsikira.

Mphunzitsi wa ku Domasi:
Geji musaidalire. Dzazani thanki mpaka pampu idule yokha, ikani trip, mita yowerenga makilomita a ulendo, pa 0, yendani monga mwa masiku onse. Mukadzadzazanso, gawani makilomita omwe mwayenda ndi malita omwe alowa. Ndikudziwa kudzaza thanki masiku ano n'kolemera, koma njira yoona ndi yomweyo.

Dalaivala wa Sienta, Zomba–Limbe:
Abwana, ine ndimakhalira msewu umenewu tsiku ndi tsiku. Mira musaitenge ngati mukunyamula katundu wa golosale. Injini yake ndi ya 660cc, yabwino kuzungulira m'tauni muli awiri, koma muikemo mabelo a shuga, mafuta ophikira ndi makatoni a sopo, pa zitunda za pakati pa Limbe ndi kuno mudzapondereza mpaka pansi, ndipo ikamalira choncho mafuta ikumwanso. Kwa inu ndikuona Sienta kapena Probox ya 1.5, kapena Corolla Fielder, yomwe ilinso ndi ya hybrid ya injini yofanana ndi ya Aqua koma kumbuyo kwake n'kotakasuka. Mayi akunyumba akunena zoona pa nkhani ya katundu, amvereni.

Chinanso, phazi. Madalaivala awiri pa galimoto imodzi, msewu umodzi, amabwera ndi mafuta osiyana. Kunyamuka mwaukali, kuthamanga 120 kenaka buleki pa Namadzi, buleki pa Thondwe, ndi kumene kumatha mafuta. Ine ndimayenda pa 80 ndipo ndimafika bwinobwino.

Bambo wina wa ku Mpondabwino:
Honda Fit hybrid bwanji? Ndimaona kuti ndi yotakasuka kuposa Aqua.

Makaniko wa pa Chinamwali:
Ndi yotakasukadi, mipando yake imapindika bwino. Koma samalani ndi mtundu womwe unayamba mu 2013, wa giyabokosi ya makalachi awiri. Ku Japan komweko anaiitanitsa kangapo kukakonza nkhani ya giyabokosi, ndipo simakonda kukwawa pa chitunda muli mumzere. Oidziwa kuikonza kuno ndi ochepa. Ya Toyota sipeya zake zimapezeka mosavuta ku Limbe.

Mayi wa ku Kalimbuka:
Ndiwonjezerepo chimodzi chomwe sichinatchulidwe. Manambala omwe amalembedwa pa intaneti aja, oti Aqua imayenda makilomita 35 pa lita, ndi a poyesera ku Japan, kuno simungawaone. Misewu yathu ndi ya zitunda ndi maenje, komanso petulo wathu amasakanizidwa ndi ethanol wochokera ku Dwangwa ndi ku Chikwawa, ndipo dziko lino linayamba kutero kale mu 1982. Zimatithandiza kuchepetsa mafuta ogula kunja ndi ndalama zakunja zosowazi, koma ethanol mphamvu yake ndi yocheperapo, ndiye lita imakufikitsani pafupi pang'ono. Powerengera tengani 20, musatenge 35. Ndipo mukagula hybrid, mafuta a m'zigubu muwatalikire. Simudziwa chomwe athiramo.

Mnyamata wa ku Chikanda:
Mukaitanitsa kunja kumbukirani kuti mtengo wa pa intaneti si womaliza. Pali kuitenga ku Dar es Salaam, kudutsa nayo pa Songwe, ndi msonkho wa MRA womwe umatengera kukula kwa injini ndi zaka za galimoto. Yakale kwambiri imaoneka yotchipa koma msonkho wake umakwera. Vuto lina ndi kupeza madola olipirira. Funsani agent akuwerengereni zonse musanagulitse yanuyo, mungatsale pansi.

Wofunsa:
Abale, mwandithandiza zedi. Mtima wanga tsopano wapendekera ku Fielder ya hybrid, chifukwa cha katundu uja. Chomwe chikundigwirabe ndi mayi anga. Akadwala usiku mwezi wa Febuluwale, X-Trail imakafika pakhomo penipeni. Amakaniko, yaifupiyi ingakafike? Ndamva ena amaikweza.

Makaniko wa pa Chinamwali:
Akulu, ndikuuzeni mosabisa. Aqua kuchoka pansi ndi mamilimita 140, Fielder imaposa pang'ono chabe, pomwe X-Trail yanu ili cha m'ma 200 ndipo zambiri zimakoka ndi matayala onse anayi. Kukweza ndi ma spacer, tizipangizo toika pa masipiring'i, kumatheka, timachita, koma pang'ono pokha. Mukapyoza muyeso, ma CV joint, mfundo zopititsa mphamvu ku matayala, amatha msanga ndipo pokhota galimoto simakhazikika. Nthawi ya chilimwe mudzafika mukamayenda mosamala. M'matope akuya kapena pa madzi odutsa pamsewu musayese n'komwe, batire ili m'munsi. Miyezi ya mvulayo konzekerani kuisiya pa trading centre n'kumalizitsa ndi kabaza, kapena kugwirizana ndi wa pickup wakumudzi komweko amene mungamuimbire usiku.

Pomwe mukuganiza, X-Trail yo ichitireni izi sabata ino: sinthani air cleaner ndi mapulagi ngati papita nthawi, yezani mpweya wa m'matayala motsatira kapepala kali pa chitseko cha dalaivala, chotsani keriyala ya padenga ngati simukuigwiritsa ntchito, ndipo onetsetsani kuti batani la 4WD lili pa 2WD mukakhala pa tara. Lekaninso kuilizira injini m'mawa kwa nthawi yaitali, galimoto za masiku ano sizifuna zimenezo. Mukatero yezani monga anenera aphunzitsi, mudzabwere ndi nambala yanuyo pano tiwerengere limodzi.