Thandizeni: ndisake PS2 ya ku Japan kapena ndigule gemu ina ya m'mapiri?

Moni nonse pagulu pano. Funso langa likupita kwa inu amene mumadziwa magemu akale a ku Japan, aja othamangitsana galimoto usiku m'misewu yokhotakhota ya m'mapiri.

Ndili ndi PS2 (makina osewerera magemu a PlayStation 2) yaikulu ija, yochokera ku UK. Mlamu wanga amaitanitsa galimoto ku Japan, ndiye anandipezera chimbale cha Initial D Special Stage chimene Sega inatulutsa mu 2003. Chimbalecho n'chabwinobwino, sichinakandike paliponse, koma makina akukana kuchiwerenga. Wokonza zamagetsi wina wandiuza kuti makina anga ndi a PAL, kutanthauza a mtundu wa ku Europe, pomwe gemuyi inapangidwira makina a ku Japan okha.

Mwina wina anena kuti magemu a galimoto ndi ambirimbiri, bwanji kuvutikira imodzi. Imeneyi ndi ina. Inayambira m'nyumba zosewerera magemu mu 2002, pa makina okhala ndi mpando, chiwongolero, giya ndi mapedulo, dzina lake Initial D Arcade Stage. Wosewera ankakhala ndi kakhadi kosunga galimoto yake pamodzi ndi zonse zimene waiwonjezera, mawa n'kudzapitiriza pomwe analekezera. Ya pa PS2 inatengera mtundu wachiwiri wa makinawo. Misewu yake ilikodi: Akina ndi phiri la Haruna ku Gunma, Akagi ndi Myogi alinso komweko, Irohazaka ili ku Nikko ndipo msewu wokwera ndi wotsika uli ndi makona 48 onse pamodzi.

Chimene chinandikoka mtima n'chakuti potsika phiri, injini yaikulu si imene imapambanitsa munthu. Toyota AE86 Trueno, kagalimoto ka malita 1.6 kokankha ndi matayala akumbuyo, kopangidwa pakati pa 1983 ndi 1987, kamasiya Skyline GT-R m'mbuyo ngati woyendetsa akudziwa pochotsa phazi pa moto ndi polowera kona. Pa Akina pali makona asanu akuthwa otsatizana, ndipo ukhoza kukoletsa matayala a mkati m'ngalande ya madzi kuti galimoto ikhote osataya liwiro. Zimenezi ndangoziona pa YouTube, ndikufuna ndizigwire ndi manja anga.

Tsono ndipange chiyani? Ndikagula PS2 ya ku Japan, magetsi athu a 230 V saiwotcha, poti kwawoko ndi 100 V? Zolemba za Chijapani zokhazokha munthu angathe kuyenda nazo? Komanso, kodi pa padi (kachipangizo kam'manja kosewerera) gemuyi imakoma, kapena popanda chiwongolero ndingotaya ndalama? Ngati ilipo ina ya PAL yofanana nayo, ndiuzeni.

— Achimwene, za magetsi musamale kwambiri. PS2 yaikulu ya ku Japan ndi ya 100 V basi, mukailumikiza pakhoma popanda thiransifoma yotsitsa mphamvu ipsa nthawi yomweyo. Sakani yopyapyala ya SCPH-70000, imene ili ndi adaputala yapadera. Adaputala imeneyo imalandira kuyambira 100 mpaka 240 V, koma muwerenge kaye zolembedwa pansi pake musanapereke ndalama. TV yanunso iyenera kulandira NTSC, mtundu wa chithunzi cha TV wa ku Japan, apo ayi chithunzi chidzatuluka chopanda mitundu.

— Ine ndikuti musavutike ndi zonsezo, akulu. Sakani Kaido Racer. Ndi ya kampani ya Genki, ku Japan ankaitcha Kaido Battle 2, ndipo ya ku Europe imayenda pa makina anuwo. Muli Haruna yemweyo ndi dzina lake lenileni, Hakone ndi Rokko. Masana mumachita mipikisano yopezera ndalama zokonzera galimoto, usiku n'kukakumana ndi akatswiri a paphiripo mmodzimmodzi. Koma dziwani kuti ndi yolimba. Mukalowa kona mwaphuma galimoto imazungulira n'kuyang'ana komwe mwachokera. Palinso Tokyo Road Race, imene ndi Battle Gear 2 ya Taito, iyo inachokeradi pa makina a m'nyumba za magemu.

— Pepani, pamenepo sindikugwirizana nanu. Kaido Racer ndi yabwino koma mtima wake ndi wina. Mkuluyu akufuna kayendedwe ka makina a Sega, komwe galimoto imamvera msanga, buleki umangoigunda pang'ono, ndipo mpikisano wonse umatha m'mphindi zochepa nyimbo za Eurobeat zikuphulika. Genki inayesetsa kutsanzira kulemera kwa galimoto yeniyeni, Sega sinkafuna zimenezo. Za Chijapani musaope, achimwene. Mayina a galimoto monga FD3S ndi AE86 amalembedwa m'zilembo zathu zomwezi, msewu uliwonse uli ndi mapu ake, ndipo mukumbukire kuti pa magemu a ku Japan batani la mzere wozungulira ndilo lovomereza, la X ndi lobwerera. Nkhani ya anthu a m'gemumo ndiyo muziingodumpha. Padi imakwanira poyamba. Yambani ndi Myogi, ndi wofewa, Irohazaka musiye kaye.

— Ana anga, seweretsani pa TV pomwepo. Ine ndayendetsa lole zaka zambiri, ndikudziwa makona a ku Golomoti ndi a ku Chiweta. Kumeneko mukakumana ndi njinga, mbuzi ndi minibasi yodzaza anthu. Drift, koteretsa galimoto cham'mbali pa kona kuja, isatuluke m'nyumba.

— Zikomo bambo, zimenezo ndamva, zanga n'za pa TV basi. Nonse mwandithandiza kwambiri. Ndaganiza zomutuma mlamu kuti asake yopyapyala ya SCPH-70000 ndi adaputala yake, pakali pano ndiyambe kufufuza Kaido Racer kwa ogulitsa zimbale zakale. Funso latsala limodzi, kwa inu amene munasewerapo Special Stage: memori khadi yanga ya ku UK igwira pa makina a ku Japan, kapena nayonso ndimutume?