Nyanja ya Malawi kusefukira chaka cha chilala: bwanji osangotsegula zitseko za ku Liwonde?

Wakunyanja_Nkope:
Akuluakulu, ndithandizeni. Mu 2024 mvula inavuta kwambiri kummwera, chimanga chinapsa m'minda, koma chaka chomwecho nyanja inakwera mpaka kumiza mchenga wa m'magombe a Mangochi ndi kulowa m'nyumba. Madziwa anachokera kuti? Nanga a boma bwanji sangotsegula zitseko zonse za Kamuzu Barrage ku Liwonde kuti madziwo apite?

Wamiyezo:
Yambani ndi masamu a nyanjayo, zina zonse zimveka zokha. Madzi amalowa m'njira ziwiri: mvula yogwera panyanja penipeni, ndi mitsinje. Amatulukanso m'njira ziwiri: kuuluka ngati nthunzi, ndi mtsinje wa Shire, womwe ndi khomo lokhalo lotulukira. Olowa akaposa otuluka nyanja imakwera, basi.

Pachaka, mvula yogwera panyanja imakhala pafupifupi mita imodzi ndi masentimita 30 kapena 40. Mitsinje imawonjezera osapitirira mita. Nthunzi imachotsa pakati pa mita 1.6 ndi 1.9, pomwe Shire amachotsa masentimita 30 mpaka 40 okha. Ndiye kuti pa ndowa zisanu zochoka m'nyanja, zinayi zimapita ndi dzuwa ndi mphepo, Shire amatenga imodzi, mwinanso yosadzaza.

Tsono zitseko zija. Nyanja ndi yaikulu masikweya kilomita pafupifupi 29,000. Sentimita imodzi yokha pamwamba pake ndi makyubiki mita 290 miliyoni. Mukawonjezera madzi odutsa pa Liwonde ndi makyubiki mita 300 pa sekondi, usana ndi usiku kwa masiku 30, mwatulutsa makyubiki mita 778 miliyoni. Gawani ndi 290, mupeza kuti nyanja yatsika masentimita osakwana atatu. Mwezi wathunthu umenewo! Pomwe tsiku limodzi lotentha, nthunzi ikachotsa mamilimita 5, ndi makyubiki mita 145 miliyoni apita popanda wotsegula chitseko.

Za komwe madzi anachokera: mvula ya ku Balaka, Blantyre kapena Chikwawa silowa m'nyanja, imagwera Shire kumunsi. Nyanja imadyetsedwa kumpoto. Mtsinje waukulu pa yonse ndi Ruhuhu wa ku Tanzania, ndipo kuli Kiwira ndi Mbaka, yochokera kumapiri a mvula yambiri kufupi ndi Rungwe ndi Tukuyu, komanso Songwe wa m'malire. Kwathu kuno kuli North Rukuru, South Rukuru, Dwangwa, Bua ndi Linthipe. El Niño, kusintha kwa nyengo komwe kunalipo chaka chimenecho, amakonda kuumitsa kummwera kwa Africa koma kunyowetsa kummawa kwa Africa, ndipo nyanja yathu yagona pamalire a zigawo ziwirizi. Mutu wake unali pamvula, miyendo pachilala. Komanso nyanja siiwala msanga: inali itasunga kale madzi a zaka zam'mbuyo, ndiye mvula ya 2024 inapeza mphika uli wodzaza, mlingo n'kupitirira mamita 476 pamwamba pa nyanja yamchere, pomwe nthawi zambiri umasewera cha pa 474.

Mai_aNkhata:
A Wamiyezo alongosola bwino. Ndingowonjezera za kayezedwe, chifukwa apa anthu amasokonezeka. Mlingo wa nyanja sayeza malo amodzi. Amawerenga timitengo ta manambala ku Chilumba, Nkhata Bay ndi Monkey Bay n'kutenga pakatikati. Chifukwa chake ndi mwera: ukawomba masiku angapo kuyambira Meyi mpaka Ogasiti umakankhira madzi kumpoto, ndiye ku Monkey Bay muona ngati nyanja yatsika pomwe ku Karonga yakwera, chonsecho madzi ndi omwewo. Nyanja yotalika makilomita oposa 550 imapendekeka ndithu.

Chinanso, nyanja imafika pachimake mu Epulo kapena Meyi, mvula itatha kale madera ambiri, chifukwa kumpoto imachedwa kusiya ndipo mitsinje imatsanulabe. Imatsikitsitsa cha mu Novembala kapena Disembala. Kusiyana kwake pachaka kumakhala pafupifupi mita. Womanga pagombe amene wayeza malo mu Novembala wadzinamiza yekha. Afunse pomwe madzi anafika mu 1980, pamene nyanja inadutsa mamita 477.

Wakunyanja_Nkope:
Zikomo amayi. Komabe masentimita atatu pamwezi si kanthu kodi kwa munthu amene madzi ali pakhonde? Atsegule basi.

Chiromo_Boy:
Achimwene, mukatsegula madziwo sathera pa Liwonde, amabwera kwa anthu. Kuchokera ku Matope, Shire amatsika mamita pafupifupi 380 m'mathithi, kudutsa Nkula, Tedzani ndi Kapichira, kenako n'kufika pachigwa chosalala cha Chikwawa ndi Nsanje. Kumeneko madzi amayamba adzaza dambo la Elephant Marsh. Pa Chiromo pamalowa Ruo wochokera kuphiri la Mulanje, ndipo Ruo akadzaza amatsekereza Shire, madzi n'kubwerera m'mbuyo kukalowa m'midzi ya ku Makhanga ndi Bangula. Ruoyo alibe chitseko chilichonse. Ndiye oyendetsa baraji akamaona mvula yaikulu kumapiri a Mulanje ndi Thyolo sangawonjezere madzi mwachisawawa. Masentimita atatu a ku Mangochi, kuno ndi minda ya m'madimba yomira.

Wamiyezo:
Zoona, ndipo pali malire ena omwe anthu saaganizira. Kuchoka pomwe Shire amatulukira m'nyanja kufupi ndi Mangochi, kudutsa nyanja ya Malombe mpaka Liwonde, mtsinjewu umatsika pang'ono kwambiri, pafupifupi ngati uli pathebulo. Nyanja ikadzaza chotere, chimene chimaletsa madzi si zitseko zokha ayi, ndi kukula kwa ngalande ya mtsinjewo. Mungatsegule zonse, koma khosi la botolo likadali pomwepo.

Baraji ija, kunena zoona, sanaimangire kusefukira. Inamangidwa mu 1965 kuti isunge madzi opangira magetsi m'chilimwe, chaka chimodzi siteshoni ya magetsi ya Nkula A isanayambe kugwira ntchito mu 1966. Mantha ake ndi a mbiri yakale: kuyambira cha mu 1915 mpaka m'ma 1930 nyanja inatsika kwambiri, mchenga ndi bango zinatseka pakamwa pa Shire, mtsinje n'kusiya kutuluka m'nyanja. Zimenezi zimayamba mlingo ukayandikira mamita 471.5. Yerekezani: pakati pa kuuma kwa Shire ndi chigumula cha 1980 pali mamita osakwana 6, panyanja yakuya mamita 700. Dziko lonse limadalira kachikopa kapamwamba kameneka. Mu 2016 ndi 2017 nyanja itatsika, magetsi ankazima maola ambiri patsiku, ndipo amene amafuula kuti tsegulani lero ndi omwewo amadzafunsa kuti madzi munatayiranji.

Mai_aNkhata:
Ndipo kutsegula mwadzidzidzi kumazula namasupuni ndi milu ya udzu kuchokera ku Malombe, n'kukatseka masefa a makina ku Nkula. N'chifukwa chake pa Liwonde pali chingwe chotchinga zinyalala kumtunda kwa baraji. Matope ambiri odzaza damu la Nkula sachokera m'nyanja, amabwera ndi Rivirivi ndi mitsinje ina yolowa kumunsi kwa Liwonde, kumene mitengo inatha ndi makala. A Nkope, ngati mukufuna kudziwa za chaka chamawa, tsatirani mlingo umene a National Water Resources Authority amalengeza cha mu Disembala. Nyanja ikayamba dzinja ili pamwamba pa 475, onjezerani mita imodzi n'kuona pomwe madzi adzafike pamalo panupo pofika Epulo.