Kachitsulo kalowa m'diso la bambo a kunyumba, tidikire Lolemba?

Mayi a ku Kawale, Loweruka madzulo

Abale, ndithandizeni nzeru. Bambo a kunyumba amawotcherera mageti ndi mawindo ku Biwi. Dzulo masana akudula chitsulo ndi galayinda, kachitsulo kanawathethekera m'diso lakumanja. Anangosukusula ndi madzi a m'chigubu n'kupitiriza ntchito. Usiku sanagone. Lero diso lafiira psuu, misozi sikuleka, akatuluka panja akudziphimba ndi chipewa poti kuwala kukuwabaya. Ndawaunika ndi tochi ya foni, ndaona kadontho kabulauni pagawo lakuda, pambali pang'ono pa mwana wa diso. Ndauzira ndi pakamwa kangapo, sikakusuntha.

Apongozi akuti ndifinyiremo mkaka, poti ndikuyamwitsa. Mnzawo wa kuntchito wabweretsa kabotolo ka mankhwala odontheza kamene anagula pa shopu ina, pakatoni palembedwa dexamethasone, akuti iye kanamuchiza. Eni akewo akuti tidikire Lolemba ku OPD ya maso, ndipo mawa ali ndi geti la munthu loti amalize. Ine mtima suli m'malo. Kodi diso ndi chinthu chopita nacho ku casualty usiku? Sakatibweza kuti kumeneko ndi kwa anthu a ngozi za pamsewu? Nanga kalata ya ku chipatala chaching'ono tilibe, zikatheka?

Mmisiri wa ku Ndirande

Mayi, nyamukani lero lomwe. Pali zowawa ziwiri zimene ife owotcherera timazisokoneza. Ina ndi ya kuwala kwa moto wa welding, ukagwira ntchito wopanda chigoba. Masana umakhala bwinobwino, pakati pa usiku n'kudzidzimuka maso onse awiri ngati wina wathiramo mchenga. Imeneyo pakapita tsiku limodzi kapena awiri imatha. Koma diso limodzi, ndipo kadontho mukukaona ndi maso anu, pamenepo kachitsulo kakanirira, sikachoka ndi madzi.

Ine ndinadikira masiku asanu. Tsiku lachitatu mnzanga anayesa kukatokosa ndi kamtengo ka machesi, ine nditagona pabenchi. Pofika kuchipatala panali patachita kale chilonda. Chinapola, koma chinasiya kachipsera koyera pakati penipeni. Mpaka lero ndikatsinzina diso lakumanja, manambala a pa tepi ndimawaona ngati ali m'nkhungu, ndipo magalasi sathandiza. Auzeni bambowo kuti mwini geti angathe kudikira.

Wogwira ntchito ku chipinda cha maso

Mayi, mwachita bwino kufunsa musanathire kanthu. Chonde, mkaka ayi, kabotoloko ayi.

Gawo lakuda mukunenalo lili ndi kachikopa koonekera pamwamba pake, kamene kamagwira ntchito ngati galasi la windo. Kamakhala konyowa nthawi zonse, ndiye chitsulo chikakanirirapo chimayamba dzimbiri m'maola ochepa, dzimbirilo n'kulowerera m'mbali. Ubulauni mwaonawo ungakhale umenewo. Tsiku lililonse limene mwachedwa, pochotsa timakumba mozama, ndipo tizilombo timapeza polowera. Chilonda cha pamenepo chikapola chimasiya chipsera, monga anenera bambo a ku Ndirande.

Dexamethasone ndi mankhwala a gulu la steroid. Amachotsa kufiira ndi ululu, munthu n'kumati wachira, pamene afooketsa chitetezo cha diso, tizilombo tikuswana mwakachetechete. Maso ambiri amene timalephera kuwapulumutsa amabwera atadontheza zoterezi kwa sabata. Mkaka nawo, apongozi akunena mwachikondi, koma uli ndi shuga amene tizilombo timadya. Asatikite, ndipo musayese pini, thonje kapena maginito. Dulani kunsi kwa kapu ya pepala kapena ya pulasitiki, muvindikire diso, mumate ndi tepi kuti pasakhale chopanikiza. Amwe panado.

Pitani ku casualty ya Kamuzu Central. Pabwalo lomwelo pali Lions Sight First Eye Hospital, ndipo zipatala zazikulu zimakhala ndi wa maso amene amaitanidwa pakagwa zadzidzidzi ngakhale kumapeto a sabata. Za kalata musade nkhawa, izi ndi zadzidzidzi. Tengani buku lawo la kuchipatala ndi kabotoloko kuti akaone. Mukafika nenani mawu awa poyamba: chitsulo m'diso, chinalowa dzulo. Afunseninso bambowo ngati ankamenya chitsulo ndi hamala, chifukwa kachidutswa kothethekera pa hamala kamathamanga kwambiri, kamatha kubowola n'kulowa mkati mwa diso pakhomo pake osaoneka. Ngati mwana wa diso sali wozungulira ngati mnzake, kapena mukuona magazi mkati, asadyenso kanthu panjira poti mwina angafunike opaleshoni.

Ndiwonjezere za ena owerenga, makamaka amisiri omanga. Laimu, simenti kapena asidi wa batire zikalowa m'diso, musathamangire galimoto kaye. Tsegulani zikope, thirani madzi oyera osalekeza kwa mphindi 20 kapena kuposa, kenako kuchipatala. Kumeneko mphindi zoyambazo ndi zimene zimapulumutsa diso. Khanda la masiku ochepa lotupa zikope ndi kutuluka mafinya nalo siligona kunyumba. Chimodzimodzi wamkulu amene diso lachita mdima mwadzidzidzi, kapena likuwawa mpaka mutu ndi kusanza, akuona utawaleza kuzungulira babu. Zodikira mzere wa Lolemba ndi monga ng'ala, kuyabwa kwa nthawi yaitali ndi kufuna magalasi owerengera.

Nachisale wa kwa Mazengera

Achemwali, mverani adokotalawo. Mayi anga chinawalasa ndi tsamba la chimanga pokolola, kanthu kakang'ono zedi. Kumudzi anawafinyira masamba ena m'diso m'mawa ndi madzulo kwa masabata awiri. Ine ndinali ku tauni, ndinamva mochedwa. Titafika nawo ku Nkhoma diso linali litayera ngati dzira lophika. Anatifotokozera kuti zilonda zochokera ku zomera zimakonda kugwidwa ndi tizilombo ta mtundu wa chuku (fangasi), ndipo zimavuta kuchiza kuposa zina. Anawathandiza ululu unatha, koma disolo siliona.

Chimene chimandipweteka n'choti chaka chotsatira diso linalo linachita ng'ala, tinabwerera ku Nkhoma komweko, anawachita opaleshoni, mawa lake atamasula bandeji anandizindikira ndili pakhomo. Ndiye kuti thandizo linalipo pafupi nthawi yonseyi. Kwa amene ali kutali ndi Lilongwe kapena Blantyre, ngakhale pa chipatala cha boma cha m'boma lanu funsani clinical officer wa maso, ambiri amakhala nawo. Apongozi anuwo musakangane nawo, auzeni kuti aperekeze mwana wawo.

Mayi a ku Kawale, Lamulungu masana

Zikomo nonse. Ndinawawerengera zimene analemba bambo a ku Ndirande, pa manambala a tepi paja anakhala chete, kenako anafunsa nsapato zawo. Tinapita usiku womwewo, apongozi anatsala ndi mwana.

Anawadontheza mankhwala ochititsa dzanzi, ululu unazima pompo. Kenako anaika kapepala ka mankhwala achikasu m'diso n'kuunika ndi kuwala kwa buluu, pamene pavulala panawala mobiriwira, inenso anandionetsa. Anawakhazika pa makina aja oika chibwano, n'kuchotsa kachitsuloko ndi nsonga ya singano. Kochepa kuposa njere ya mawere. Dzimbiri linali litayamba, anapala limene anatha, akuti lotsalalo akaliona Lachiwiri ku OPD. Sikanabowole. Atipatsa mankhwala opaka a tetracycline, kabotolo kaja anati tisakagwiritse ntchito ndipo ndakataya m'chimbudzi. Bambowo anapempha mankhwala a dzanziwo kuti apite nawo kunyumba, anawakaniza, akuti amachedwetsa kupola ndipo munthu amatha kudzivulaza osamva.

Pano agona, diso likadali lofiira koma akutha kulitsegula. Bambo a ku Ndirande, magalasi abwino odulira ndi galayinda, aja otseka ndi m'mbali momwe, ndiwafunse dzina lanji ku hardware? Awo ali nawo ndi okalika, akuti n'chifukwa chake amawakweza pamphumi.