Za malo a agogo ku Matundo

Malume (Ulongwe): Mwaswera bwanji nonse. Ndalama za mbatatesi zija zakwanira simenti ndi malata. Tsono pa malo a malemu bambo ku Matundo timange chiyani? Ine ndati zipinda za lendi, anyamata a kumgodi azilipira mwezi ndi mwezi.

Mayi aang'ono (Moatize): Achimwene, za lendi mundifunse ine. Kampani ya Vale itayamba kukumba malasha mu 2011 aliyense kuno anamanga zipinda. Mtengo wa malasha utagwa, zina zinasanduka mogona mbuzi. Kampani ya Rio Tinto inagulitsa mgodi wa Benga mu 2014, Vale nayo inasiyira kampani ya Vulcan mgodi wake mu 2022. Eni mgodi akasintha, alendi amanyamula zikwama.

Mphwawo (Tete): Malume, pepani ndilowererepo. Timange chisakasa chachikulu, mbali ina ogulitsa mphasa, nsengwa, mitondo ndi ng'oma, pakati bwalo. Loweruka kuzikhala chimtali, ngoma ya Angoni, ndi anzathu Anyungwe oimba zitoliro za nyanga. Magalimoto a kumalire ku Zóbuè ndi ku Cuchamano amadutsa mu Tete tsiku lililonse, a ku Cahora Bassa nawonso, koma madzulo alendowo amangokhala pa bala. Wobwera kudzaonera zovinazi amadyanso mbuzi yootcha, amakwera minibasi za chapa, amagona mumzinda momwemo. Ndalama imazungulira kwa ambiri.

Alamu (Songo): Akunena zoona mwanayu. Chaka chilichonse mu Ogasiti timawoloka kupita ku mwambo wa Kulamba ku Mkaika, ndalama zathu timakasiya ku Katete, ku Zambia. Gule Wamkulu UNESCO inamuzindikira mu 2005, ndipo ndi wathu tonse, Mozambique, Malawi ndi Zambia. Kwathu kuno wadyererapo ndani?

Malume (Ulongwe): Alamu, apo ndiye ayi. Gule satuluka chifukwa mlendo walipira pakhomo. Ali ndi eni ake, amfumu ndi akudambwe. Ndisadzaone chigoba cha gule chili pa tebulo ndi mtengo wake.

Mphwawo (Tete): Zamveka malume, za gule sitikhudza. Zinazo nanga?

Mayi aang'ono (Moatize): Zinazo ndavomera, koma ovina azilandira yawo tsiku lomwelo. Amayi asamachoke ku Angónia, kuvina pa dzuwa la Tete lija, kenaka n'kupatsidwa fanta basi. Kuphika ndigwira ine.

Malume (Ulongwe): Chabwino, tigawe pakati. Kumbuyo zipinda ziwiri za lendi kuti magetsi ndi madzi azilipirika, kutsogolo chisakasa chanucho. Mphwanga, upite ku khonsolo ukafunse za chilolezo, utenge mapepala a malowo kwa amayi ako.

Alamu (Songo): Titsegule pa 21 Malichi, tsiku la mzinda wa Tete, anthu amakhala ochuluka. Mchenga ndi wanga.

Mayi aang'ono (Moatize): Amene sanasonkhe atumize pa M-Pesa mwezi usanathe. A ku Furancungo mukungowerenga, tikukuonani.

Mphwawo (Tete): Ku khonsolo ndipita Lolemba. Malume, munditumizireko nambala ya m'misiri wa ng'oma uja.