Ndabwerako ku intaviyu ija ya udindo woyang'anira anamwino a m'madera

Abale anga, paja ndinafunsa kuti ndikonzekere bwanji intaviyu ya udindo woyang'anira anamwino oyendera m'midzi m'boma lathu, ndiye ndati ndikuuzeni mmene zinayendera.

Inu amene munati ndiwerenge HSSP III, ndondomeko ya boma ya zaumoyo ija ya 2023 mpaka 2030, Mulungu akudalitseni ndithu, funso loyamba linachokera mmenemo. Koma zambiri sizinali za m'buku ayi. Anandifunsa kuti ma HSA (alangizi a zaumoyo a m'midzi) akamachedwetsa malipoti a pamwezi mpaka mu DHIS2 (nkhokwe ya pa kompyuta yosungira malipoti a zaumoyo) muli mipata ndingatani, ine ndinati ndiyamba ndapita kaye ku village clinic kukaona ndekha, mwina njinga yafa kapena mafomu atha, munthu sumangomukalipira usanamve vuto lake. Amayi ena pa panelo anagwedezera mutu nkulemba, mtima unakhala pansi. Kenako tinalowa za kolera wa 2022 ndi 2023, kugwira ntchito ndi mafumu, makomiti a zaumoyo a m'midzi, kugawa klorini khomo ndi khomo, apa ndiye ndinayankhula momasuka chifukwa ndinaliko.

Laisensi ya ku Nurses and Midwives Council (bungwe loona za anamwino ndi azamba) mutenge yeniyeniyo osati fotokope yokha, anaiona. Zotsatira akuti atiimbira foni, chonde pitirizani kundipempherera.