Mlovi (msodzi) wayamba kulalikira kugombe asanabatizidwe, timuthandize bwanji?

Admin, chonde ndibiseni dzina.

Moni abale ndi alongo. Ndine mkulu wa mpingo kuno ku Senga Bay ndipo ndikupempha nzeru kwa amene munakumanapo ndi zotere.

Chaka chatha tinachititsa chitsitsimutso kugombe ndipo alovi angapo anatembenuka mtima. Vuto ndi kalasi. Kwathu kalasi ya ubatizo imakumana Lamulungu m'mawa, nthawi imene anyamatawa amakhala akungotsika m'bwato atachezera usiku wonse ndi ukonde wa chilimira pa usipa. Akabwera amangosinza. Ikakwana April ena amawolokera ku chilumba cha Mbenji, ena amatsata nsomba mpaka ku Nkhotakota, ndiye mayina awo amafufutidwa m'kaundula.

Pakati pawo pali mmodzi amene wandisowetsa tulo. Sukulu analekezera Sitandade 6, koma Buku Lopatulika silichoka m'manja mwake. Masana anzake akamasoka maukonde iye amawawerengera mawu, ndipo pano pansi pa mtengo pamadzaza anthu, ngakhale amayi ogula nsomba amene m'tchalitchi mwathu sanapondemo. Akulu anzanga akuti aleke kaye mpaka abatizidwe, ndipo akugwira 1 Timoteo 3:6, ndime imene imati asakhale wongotembenuka mtima kumene. Kwinaku kwabwera abusa a utumiki wina wa m'tauni, amulonjeza kuti akaphunzira masabata awiri amudzoza ubusa, satifiketi pamwamba. Mtima wake wayamba kupendekera komweko.

Ine ndikuona kuti kumuletsa ndi kumutaya. Koma kumusiya yekha nakonso n'koopsa, chifukwa tsiku lina anauza mayi wina kuti wobadwa mwatsopano safunikanso ma ARV. Munthu wotere aphunzitsidwe bwanji, ndipo ndani, poti utumiki wake uli kunja kwa tchalitchi?

Mbusa wopuma, Nkhotakota:
Akulu, ndimeyo ikunena za woyang'anira mpingo, osati za munthu wochitira umboni. Pa Marko 5:19 uja anali ndi ziwanda anatumidwa kwawo tsiku lomwelo kukauza abale ake. Apolo nayenso ankalalikira akudziwa ubatizo wa Yohane wokha, ndipo Priskila ndi Akula sanamutseke pakamwa, anamutenga n'kumufotokozera bwino (Machitidwe 18:26). Chimene mwanayo akusowa ndi munthu womutenga choncho, ndipo munthuyo ndinu.

Kalasi itsikire kugombe. Inu a kunyanja mukudziwa kuti mwezi ukawala nyali sizikoka usipa, ndipo mwera ukalimba mu June ndi July mabwato amakhala pamtunda. Masiku amenewo ndiwo a kalasi. Pamsonkhano wake muzikhalapo, mumusankhire uthenga umodzi, tinene wa Marko, aziwerenga chaputala ndi chaputala m'malo mongotola mavesi. Akamaliza mukhale naye awiri, mumufunse chimene amatanthauza. Mgonero ndi ubatizo asakhudze, koma kuwerenga ndi kupemphera musamulande.

Mayi wa Chigwirizano, Salima boma:
Bambo, zinazo zidikire, za ma ARV ndi za lero. Mupite naye limodzi kwa mayiyo akabweze mawu ake ndi pakamwa pake. Komanso kugombe tonse tikudziwa za amayi amene amagona ndi asodzi kuti apeze nsomba. Mumuuze mosapita m'mbali kuti asamapempherere mzimayi ali awiri m'chisakasa. Mutumeko amayi awiri okhwima, azimayiwo aziwaona okha.

Mnyamata wa ku Chipoka:
Akulu a mpingo nsanje basi. Mwana wakoka anthu amene inu mwalephera kwa zaka, ndiye mwatulukira vesi.

Mlaliki wa Pentekoste, Dwangwa:
Ine ndine wa mbali imene mukuiopayo, koma za masabata awiri sindikuvomereza. Ngakhale a Assemblies of God abusa awo amapita kusukulu ya Baibulo. Mnyamatayo awafunse abusawo kuti akamudzoza adzamuyang'anira ndani, ndipo chopereka cha kugombe chizipita kuti. Yankho lake lidzamutsegula maso lokha. Koma inunso a mipingo yakale mumachedwa, munthu amazizira akudikira komiti.

Mphunzitsi wa pulayimale, Mvera:
Izi si zachilendo. Amishoni a Dutch Reformed atafika kuno ku Mvera mu 1889, uthenga unafalikira m'midzi kudzera mwa aphunzitsi ndi alaliki wamba amene ankatumidwa kumasukulu a m'midzi, n'kumabwerera kumishoni kudzawonjezera maphunziro. Amene anatsegula midzi yambiri sanali abusa odzozedwa. Lero kuli TEEM, bungwe la maphunziro a zaumulungu, ofesi yawo ili ku Zomba, munthu amaphunzira ali kwawo ndi mabuku, n'kumakumana ndi anzake pagulu. Kuli sukulu ya Namoni Katengeza ku Chongoni, ku Dedza, yophunzitsa akhristu eni ake. Sukulu za ubusa za Josophat Mwale ku Nkhoma kapena Zomba Theological zimafuna MSCE, ndiye ngati maitanidwe ake ndi a ubusa mumulimbikitse abwerere kusukulu yamasana. Zisamuchititse manyazi, akuluakulu akuphunzira kumeneko.

Mlongo wa Anglican, Nkhotakota:
Chimodzi chokha. Kunyanja kuno m'bwato limodzi mumakhala Mkhristu ndi Msilamu, nthawi zina a bere limodzi. Aphunzire kulalikira Yesu osanyoza chipembedzo cha mnzake. Anyamata otentha amayambira pomwepo kulakwa, mapeto ake amfumu amaletsa msonkhano wonse.

Wolemba funso:
Zikomo nonse. Achimwene a ku Chipoka, nsanjeyo ndiisiye kwa Mulungu. Kwa mayi uja tipita mawa m'mawa akangotsika m'bwato. Abusa a ku Nkhotakota, ndithandizeni apa: akawolokera ku Mbenji miyezi ingapo, masiku a kalasi angawerengedwe bwanji kuti akulu anzanga avomere? Alipo mpingo umene unayesapo kumupatsa kalata woti akapitirize kalasi kumene wapitako?